Ndilibe ndalama, ndilibe dzina, ndingathandize ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wa zaka 16. Kwawo ndi ku Tsangano, koma akuphunzira kalasi 10 ku Ulongwe, komwe akukhala ndi azakhali ake. Dzina lake ndalisunga. Kalatayo inali yaitali, pena m'Chipwitikizi pena m'Chichewa, koma phata lake ndi ili: "Pa Facebook ndi kutchalitchi komwe amatiuza kuti achinyamata ndife atsogoleri a mawa, tisinthe dziko. Ine ndalama ndilibe, bambo anga ndi mlimi wa mbatatesi basi, ndipo Chipwitikizi changa anzanga a m'tauni amachiseka. Mnzanga wapamtima anatenga mimba chaka chatha n'kusiya sukulu, ine sindinachitepo kanthu. Kodi munthu ngati ine angasinthe chiyani? Kapena ndidikire ndidzayambe ndakula?"

Mwana wanga, zikomo pondikhulupirira. Ndiyambe ndi kukuulula kuti mawu a "atsogoleri a mawa" inenso amanditopetsa. Anatiuza ife tili pa msinkhu wako, lero imvi zili mbuu, mawa lakelo silinafikebe. Choipa cha mawuwa n'chakuti amakutuma kukadikira. Amakuchititsa kuganiza kuti kusintha zinthu kumafuna maikolofoni, galimoto ndi chikwangwani cholembedwa dzina la bungwe.

Ife a ku Tete zinthu zikuluzikulu tazionapo, sitichita kumva. Damu la Cahora Bassa linatha kumangidwa mu 1974, n'kubwerera m'manja mwa Mozambique mu 2007, ndipo magetsi ake ambiri amakawala ku South Africa. Malasha a ku Moatize anayamba kukumbidwa mwamphamvu mu 2011, pambuyo pake sitima zawo n'kumadutsa m'Malawi kupita ku doko la Nacala. Sindikunyoza, alipo amene anapeza ntchito ndipo akudyetsa mabanja. Koma ukapita kumudzi kwanu ukafunse agogo ako kuti chinawathandiza m'moyo n'chiyani, sakutchulira damu. Akutchulira munthu. Uje amene anawanyamula pa njinga usiku kupita nawo kuchipatala, kapena mwana wa uje amene ankawawerengera makalata.

Ineyo munthu wangayo anali mnyamata wa zaka ngati zako. Nthawi ya nkhondo banja lathu linathawira ku Malawi, monga anachitira anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo sukulu ndinayambira kumeneko, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera chaka chotsatira, ine Chipwitikizi osadziwa ngakhale kupempha madzi. M'kalasi ndinkangokhala duu ngati chitsa. Mnyamata wina woyandikana nafe, amene anali makalasi atatu patsogolo panga, anayamba kumandiitana madzulo akabwera kokatsekera ng'ombe. Ankalemba pansi ndi kamtengo, ine n'kumabwereza. Analibe nsapato, sanakhalepo mtsogoleri wa chilichonse, ndipo ndikukayika ngati akukumbukira. Koma uphunzitsi umene ndadyera zaka zonsezi unayambira pa fumbi limenelo.

Ndiye funso lako ndilitembenuze. Usafunse kuti ukusowa chiyani. Funsa kuti uli ndi chiyani chimene anthu a pakhomo panu alibe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Iwe umatha kuwerenga zinenero ziwiri ndipo umatha masamu a kalasi 10. Ku Ulongwe zimenezi zikuoneka zachabe chifukwa aliyense m'kalasi mwanu amazitha. Kumudzi si zachabe ayi.

Tiyambe ndi mbatatesi ya bambo ako, imene wailemba ngati chinthu chochititsa manyazi. Mbatatesi ya ku Tsangano ndi Angónia ndi imene imadyedwa mumzinda wa Tete ndi kutali kwina, ndipo ndi imene ikukulipirira makope. Vuto la alimi ambiri kwathu kuno si ulesi, n'kusadziwa kuti thumba limodzi lawadyera zingati. Mavenda akabwera ndi galimoto n'kutchula mtengo, mlimi amaona ndalama zambiri m'manja n'kuvomera, osadziwa ngati wapindula kapena wangogwirira ntchito ena. Ukapita kutchuthi, gula kope limodzi. Khala pansi ndi bambo, uwapemphe mwaulemu kuti muzilemba chilichonse cholowa m'munda: mbewu, feteleza, mankhwala opopera, aganyu, matumba, ngolo yotutira. Pokolola, uwerenge matumba n'kugawa. Tingoyerekeza kuti zonse zadya mametikali 20,000 ndipo mwakolola matumba 25. Ndiye kuti thumba lililonse ladya 800, thukuta la bambo ndi mayi osaliwerengera. Wogula akanena 750, bambo adziwa kuti akuponya ndalama m'madzi. Mwina agulitsabe chifukwa mbatatesi sichedwa kuwola ndipo pakhomo pakufunika sopo, koma agulitsa akudziwa, ndipo chaka chamawa aganiza mwina.

Kumalire kuno kulinso msampha wina, wa makwacha ndi mametikali. Pamisika ya m'malire ndalama ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo wosafulumira masamu amabedwa masana dzuwa likuswa mtengo. Chimodzimodzi amalume ako ngati amalima fodya wa pangongole: pepala limene anasaina lili m'Chipwitikizi, ndipo zimene anatenga pangongole zimadulidwa pogulitsa. Kuwawerengera pepalalo mzere ndi mzere, n'kuwamasulira, ndi ntchito ya ola limodzi. Koma chenjera ndi kamwa. Usapite ngati wabwera kudzaphunzitsa bambo ako ulimi, iwo anayamba kugwira khasu iwe usanabadwe. Unene kuti, "Bambo, kusukulu atiphunzitsa masamu awa, ndimafuna ndiyesere pa munda wathu." Ukatero kopelo lidzakhala lawo, ndipo adzayamba kukufunsa okha kuti talemba zingati.

Chachiwiri ndi ana ang'onoang'ono a pamudzi kapena pamalo pamene ukukhalapo. Tayesa izi mawa: itana mwana wa kalasi 3, um'patse kope lake lomwe, umuuze awerenge zimene analemba. Ambiri amakopera bwino za pa bolodi, zilembo zokongola, koma kuwerenga osatha, chifukwa akulimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, zilembo ndi chinenero chimene kunyumba sachimva. N'chifukwa chake boma linayesa kuphunzitsa ana m'chinenero chawo choyamba, ndipo kuyesako kunachitikira kuno ku Tete m'Chinyanja ndi ku Gaza m'Chichangana, pakati pa 1993 ndi 1997. Lero maphunziro a zinenero ziwiri alipo, koma si sukulu zonse zili nawo. Chichewa n'chokoma pophunzitsira kuwerenga chifukwa chimalembedwa monga chimamvekera. Mwana akagwira a, e, i, o, u, kenaka ma, me, mi, mo, mu ndi ta, te, ti, to, tu, tsiku lomwelo awerenga "mutu" ndi "amama", ndipo nkhope yake ikawala usadzaiwale. Akadziwa kuti zilembo zimayankhula, Chipwitikizi sichimuopsanso kwambiri.

Pano ndikuchenjeze ndi kulakwa kwanga. Nditangoyamba uphunzitsi ndinayambitsa kalabu ya achinyamata pa sukulu ina. Tinalembetsa mayina oposa 40, tinasankha wapampando, mlembi ndi msungichuma, tinakangana masabata awiri za dzina la kalabuyo. Tinati tidzabzala mitengo, tidzaphunzitsa ana, tidzachita masewero a za Edzi, tidzaweta nkhuku. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Miyezi itatu isanathe tinatsala anthu anayi, ndalama zosonkha zinasowa, ndipo mtengo sitinabzale ngakhale umodzi. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti makolo amene anatilola ana awo anasiya kutikhulupirira, moti pamene ndinabweranso ndi nkhani ina yabwino, anangoti tamva.

Choncho iwe usayambitse bungwe. Tenga ana asanu, osapitirira. Pempha kaye makolo awo ndi azakhali ako, ndipo ngati ndi kumudzi, amfumu adziwe. Masiku atatu pa sabata, theka la ola, malo amodzimodzi, poonekera, osati m'nyumba yotseka. Choko ngati palibe, makala alipo, pansi palipo. Usalipiritse, chifukwa ukangolandira ndalama zasanduka explicação, maphunziro apadera olipiritsa aja, ndipo ana amene akufunika thandizo kwambiri ndi amene adzayambe kusowa. Uwauze makolowo kuti uchita miyezi itatu, ndipo uichitedi mpaka kumapeto, ngakhale tsiku limene kwabwera mwana mmodzi yekha, ngakhale tsiku limene anzako akupita kokaonera mpira. Wandifunsa za kukula. Ine m'mene ndaonera ana ambiri akudutsa m'manja mwanga, amene anakula msanga si anzeru kwambiri aja, koma amene akati ndibwera Lachitatu, Lachitatu amabweradi. Munthu wotere anthu amayamba kumusungitsa zinthu, lero kiyi, mawa ndalama za chipereganyo, mkuja nkhani za mudzi.

Tsopano za mnzako, chifukwa ndaona kuti ndi pamene mtima wako ukuwawa. Usadziimbe mlandu, unali ndi zaka 15. Koma nthawi sinathe. Kale kunali lamulo la mu 2003 lotumiza atsikana oyembekezera ku sukulu ya usiku, ndipo ambiri ankangosiyiratu chifukwa choopa kuyenda mumdima. Lamulolo linathetsedwa kumapeto kwa 2018, moti mnzakoyo ali ndi ufulu wophunzira masana ngati wina aliyense. Makolo ambiri sakudziwa zimenezi, mwinanso iye mwini sakudziwa. Komanso kuyambira 2019 dziko lathu lili ndi lamulo loletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo limalanga ndi akuluakulu omwe amene akonza ukwatiwo. Ngati akumukakamiza kukwatiwa kapena akumuzunza, pali nambala yaulere ya 116, Linha Fala Criança, ndipo m'zipatala zambiri muli SAAJ, malo olandirira achinyamata.

Komabe usathamangire kwa makolo ake ndi malamulo pakamwa. Mwana wa zaka 16 akakaima pabwalo n'kumatchula malamulo kwa akulu, amene adzavutike ndi mnzakoyo iwe utachoka. Yamba ndi kumuyendera. Atsikana otere chimene chimawapha ndi manyazi ndi kusungulumwa, anzawo onse amawathawa ngati matenda. Pita ukamunyamulire mwana, umuonetse makope ako, umufunse ngati akufuna kubwerera. Akati inde, fufuza wamkulu amene banjalo limamumvera, kaya ndi amalume ake, azakhali, mayi wa kumpingo kapena mphunzitsi wamkazi, umufotokozere iyeyo kuti akayankhule. Nkhani ya amene azisala ndi khanda mayi ake ali m'kalasi ndi imene imagwetsa zonse, ndiye ikambidwe poyambirira. Akati ayi, usamunyoze, uzimuyenderabe. Ena amabwerera patapita zaka ziwiri.

Za kusekedwa Chipwitikizi sinditayapo nthawi yambiri. Amene akukusekawo ambiri amayankhula chinenero chimodzi ndi theka, iwe ukupita ku ziwiri zathunthu. Werenga mokweza tsamba limodzi tsiku lililonse, buku lililonse limene ungalipeze, mvera nkhani pa wailesi, ndipo m'kalasi uzikweza dzanja ngakhale mawu akunjenjemera. Aseka mwezi umodzi, kenaka atopa. Chimene sindikufuna n'chakuti kuthandiza ena kukugwetsere magiredi. Ukaona kuti masamu kapena sayansi watsika pansi pa mamalikisi 10 pa 20, chepetsa masiku a ana aja, uwauze makolo chifukwa chake. Ndipo popeza ukukhala ku Ulongwe, tsiku lina udutse pa Faculdade de Ciências Agrárias, sukulu ya zaulimi ya yunivesite ya UniZambeze, ili m'tauni mwanu momwemo. Ukafunse ophunzira a pamenepo kuti analowa bwanji ndipo amaphunzira chiyani. Mwana wa mlimi wa mbatatesi amene wasunga kope la munda zaka zitatu akakhala m'kalasi imeneyo amamva zinthu zimene anzake akungoloweza.

Foni ndiyo ndikusiyira wekha, koma tawerengera mamega amene umagula pa mwezi, uone ngati sangagule makope awiri ndi bokosi la choko.

Undilemberenso miyezi itatu ikatha. Undiuze kuti mwa ana asanuwo ndi angati akutha kuwerenga dzina la amayi awo, thumba la bambo ladya zingati, ndiponso ngati mnzako uja unamupeza. Ukayamba m'nyengo yozizira, ana uziwaitana masana dzuwa lili pamutu, chifukwa chisanu cha Juni cha kwanuko ndimachidziwa, madzulo sabwera.