Lode Runner ya Commodore 64: musagule musanadziwe izi

Wowerenga wina wandilembera pa imelo. Akuti wapeza kompyuta yakale ya Commodore 64 ya malemu bambo ake m'katoni ku Birmingham, wayiyatsa ndipo ikugwirabe. Tsopano akufuna Lode Runner, gemu imene ankasewera nawo ali mwana, koma pa eBay akuiona ya mitundumitundu. Agule iti?

Achimwene, pepani ndi imfa ya bambo, ndipo mwachita bwino kusunga makinawo.

Lode Runner inatuluka mu 1983. Anailemba ndi Douglas Smith, ndipo kampani ya Broderbund ndi imene inaigulitsa, poyamba pa Apple II. Yoyambayo ili ndi magawo 150, komanso pokonzera magawo anuanu, chinthu chimene chinali chosowa nthawi imeneyo. Kenako inafika pa Commodore 64, VIC-20, Atari, IBM PC ndi ZX Spectrum. Ya Famicom (makina a magemu a Nintendo), yopangidwa ndi Hudson Soft mu 1984, ili ndi magawo 50 okha, ndipo bwalo silioneka lonse nthawi imodzi. Ineyo zimenezi sindizikonda. Kukoma kwa gemuyi n'kuona bwalo lonse, kudziwa pamene pali golide, n'kuwerengera pokumba alonda asanakupeze. Mukukumbukira kuti pofuna kutsika mizere iwiri ya njerwa mumayamba mwakumba mabowo awiri pamwamba, apo ayi dzenje limatsekeka inu muli momwemo? Nzeru zotere zimafuna maso pa bwalo lonse.

Pa Commodore 64 inatuluka pa disiki ndi pa katiriji. Funani ya pa disiki, chifukwa ya pa katiriji magawo ake ndi ochepa. Mukaona yolembedwa Championship Lode Runner, dziwani kuti ndi ina, ya 1984, ya magawo 50 ovuta zedi. Imeneyo idikire kaye.

Vuto ndi lakuti madisiki a zaka 40 ambiri anafa, ndipo pamafunikanso chowerengera chake, 1541. Ambiri masiku ano amagula kachipangizo ka SD2IEC kapena Pi1541, kolowa m'malo mwa 1541, kowerenga mafayilo a .d64 (makope a madisiki) pa memole khadi. Pi1541 imatsanzira 1541 bwino kuposa inayo. Musanawononge ndalama, yesani kaye gemuyo pa kompyuta yanu ndi pulogalamu ya VICE, yotsanzira Commodore 64.

Koma chonde, musayatsenso makinawo ndi adaputa ya magetsi yakale ija. Ikakalamba imatha kutulutsa mphamvu yopitirira mavoti 5 n'kuwotcha memole ya mkati. Gulani yatsopano kaye, gemu ibwere pambuyo.