Kwa achimwene opita ku Tsangano ndi ku Bembeke pa tchuthi cha Julaye

Achimwene, funso lanu ndalimva. Munakwatirana chaka chatha, mukukhala ku Blantyre, mwagula kagalimoto koyamba, ndipo pa tchuthi cha pa 6 Julaye mukufuna kupita kumudzi ndi akazi anu kwa masiku anayi. Kwawo kwa mayiwo ndi kumbali ya Tsangano ku Ntcheu, kwanu ndi ku Bembeke, ndipo anzanu a kusekondale akukudikiraninso pa Dedza boma. Mukufunsa koyambira, zonyamula, ndiponso ngati masikuwo angakwane kuona onse. Ambiri pano akuyankhani za matayala ndi mafuta. Za msewu ndinenanso, poti kwathu n'ku Ntcheu komweko, koma ndiyambe ndi zimene awirinu muyenera kugwirizana musanatseke chitseko cha nyumba, chifukwa mabanja ambiri atsopano amabwerera kumudzi osayankhulana m'galimoto pa zifukwa zimene akanazithetsa ali pakhomo.

Masiku anayi ndiye kuti mugona katatu. Mbali imodzi idzakusungani kawiri, inayo kamodzi, ndipo apa m'pamene pamayambira mawu. Musadikire kuti mukaganizire komweko, chifukwa amayi anu akadzangoti "mwana wanga, ungogona lero lokha?" mudzafooka, ndipo akazi anu adzaona. Khalani pansi sabata ino. Onani mbali imene kuli okalamba kwambiri, kumene kuli odwala, kumene kunagwa maliro inu osapitako. Kumeneko n'koyenera kugona kawiri. Mukagwirizana, imbani foni mbali zonse, aliyense auze makolo ake yekha: tifika tsiku lakuti, tidzanyamuka tsiku lakuti. Akazi anu asakhale amene akukana kugonanso ku Bembeke, inunso musakhale amene mukuyang'ana wotchi ku Tsangano. Wokana azikhala mwana wa pakhomopo, mlendo azingomwetulira.

Koyambira ine ndikuti ku Ntcheu. Msewu womwe ukutero, poti pochokera ku Blantyre mudzayamba kufika pa mphambano ya Tsangano musanafike ku Dedza. Komanso mkamwini amene wangodutsa pamsewu ndi mwana wa eni kupita naye kwawo, n'kudzapatuka pobwerera atatopa ndipo m'buti mulibe kanthu, apongozi sanena pamaso pake, koma amasunga mumtima.

Mukafika musathamangire kutsitsa katundu. Imitsani galimoto pambali, osati pakhomo penipeni pa apongozi, vulani chipewa, dikirani akuyalireni mphasa kapena akupatseni mpando, malonje achitike bwinobwino. Katundu akazi anu ndi azichemwali awo adzalowetsa m'nyumba pambuyo pake, ndipo mayi awo ndi amene adzagawe. Mukayamba kugawa nokha pabwalo, uyu shuga uyu sopo, pali azakhali amene mudzawaiwale, ndipo nkhani ya ulendo wanu idzakhala imeneyo chaka chonse. Ku Bembeke ndi chimodzimodzi, kungoti kumeneko maso adzakhala pa akazi anu. Chitenje chikhale pafupi, asachifunefune m'chikwama mutafika kale. Inu muwathandize pa mayina, muwanong'oneze kuti awa ndi atsibweni, awa ndi agogo a kuchimuna, awa timawatchula chakuti. Ndipo musawasiye okha tsiku lonse kukhitchini ndi alamu awo inu muli pa bawo kumsika. Munthu amene akuona nkhope zachilendo zokhazokha, m'mudzi wozizira chonchija, tsiku limamutalikira kwambiri.

Chinthu chimene achinyamata ambiri a m'tauni amachiiwala ndi kupepesa maliro. Mukangomaliza malonje funsani makolo kuti, "Kodi chichokereni ife, ndi makomo ati amene anaonekedwa zovuta?" Adzakuwerengerani, ndipo adzakupatsani mwana kapena mlamu woti akuperekezeni. Pitani wapansi, nonse awiri, khalani pansi, pepesani, siyani kangachepe m'manja mwa oferedwa. Sizitenga nthawi yaitali, koma anthu akumudzi amayeza munthu pamenepa kuposa pa zimene wanyamula. Kuti munatumiza chipepeso pa Mpamba kapena Airtel Money n'zabwino, koma nkhope yanu sanaione. Pambuyo pake kaoneni ankhoswe anu a mbali zonse ziwiri. Anthu aja anavutika ndi ukwati wanu kuyambira pa chinkhoswe, ndipo si bwino kuti azikuonani pokhapokha pakabuka milandu. Apititsireni paketi ya shuga, muwauze kuti banja likuyenda. Ngati nyumba ya amfumu ili pafupi, kalonjeni ndithu, makamaka inu kumudzi kwa akazi anu.

Mukawerengera zimenezi muona nokha kuti onse simungawaone. Musayesere n'komwe. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kulowa makomo khumi ndi awiri kwa mphindi zisanu zisanu, injini ikulira panja, kumakhumudwitsa anthu kuposa kusafika. Amene simunawafikire atumizireni moni kudzera kwa makolo, ndipo ambiri akamva kuti mwabwera adzabwera okha madzulo.

Za ndalama tsono. Ikani padera ya mafuta opita ndi obwerera, ya pa zipata zolipiritsa, ndi ina yoti galimoto ikavuta, ndipo imeneyo musaikhudze ngakhale wina alire bwanji. Yotsalayo muigawe pawiri mofanana, ya ku Tsangano ndi ya ku Bembeke, aliyense akuona. Ngati mukufuna kuwonjezera mbali ina chifukwa kuli wodwala kapena fizi ya mwana, nenani poyera kwa mnzanu. Ndalama yopereka mobisa kuseri kwa nkhokwe imadzamveka ndithu, ndipo imadzamvekera kwa alamu. Musinthiretu ma K500 ndi ma K1,000 ku Blantyre. Mukanyamula ma K5,000 okhaokha mudzapereka zambiri kuposa mmene munakonzera, poti kumudzi wosintha amasowa. Zonyamula n'zodziwika: shuga, mchere, sopo wochapira ndi wosambira, mafuta ophikira, masamba a tiyi, buledi wa tsiku lofikalo, usipa kapena matemba, chitenje cha amayi mbali iliyonse. Poti ndi Julaye, bulangete la agogo kapena juzi ya pa kaunjika idzayamikiridwa kuposa china chilichonse. Mbatata, kabichi ndi tomato musagule ku Blantyre, mukupita kumene zimachokera.

Galimotoyo idzabweretsa zopempha zake. Anthu akaiona adzati zinthu zikuyenda, ngakhale inu mukudziwa kuti ndi ya ngongole. Padzapezeka wofuna kuperekezedwa kuchigayo, wofuna kukatenga matumba kudimba, wofuna mumutengere ku Blantyre akafune ganyu. Gwirizananitu kuti wodwala wofunika kuchipatala mudzamunyamula nthawi iliyonse, zinazo mudzakana mwaulemu kuti mafuta ndi owerengera. Kiyi musapatse msuweni aliyense, ngakhale atakuuzani kuti amayendetsa minibasi. Ndipo za kutenga mwana wa achibale kukakhala naye m'tauni musavomere pamphasa pomwepo. Yankho lake n'lakuti, "Tikakambirane kaye kunyumba, tidzakuyankhani."

Tibwere ku msewu. Kuchokera ku Blantyre kufika pa Ntcheu boma kudzera ku Zalewa ndi makilomita 150 ndi kupitirira pang'ono, ndipo kuchokera pa Ntcheu kufika pa Dedza ndi pafupifupi 75, zonsezo pa M1. Nyamukani kukungocha kuti mukafike dzuwa lisanapendeke. Thirani mafuta odzadza ku Blantyre, ndipo paliponse pamene mwawapeza panjira onjezerani, musadalire kuti mukawapeza kutsogolo. Laisensi, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi zikhale zosatha, matrayango ndi chozimitsira moto zikhalemo, chifukwa pa Zalewa mukangowoloka Shire pali rodibuloko, ndipo apolisi apamsewu mudzakumana nawonso kwina. Pa Chingeni pali chipata cholipiritsa chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2021, ndipo ku Dedza kuli china cha Kalinyeke, choncho ndalama yake ikhale pafupi. Pa Phalula, Senzani, Manjawira ndi Kampepuza chepetsani liwiro. Sikuti n'chifukwa cha kamera ya apolisi yokha, koma kabaza, ngolo, mbuzi ndi ana zimalowa mumsewu mosayembekezeka, makamaka tsiku la msika. Tayala lapadera muliyeze mpweya, jeki ndi sipanala muziyese kunyumba. Magalimoto ambiri ogula kumene amabwera ndi katayala kakang'ono kaja, ndipo pa miyala ya njira za kumidzi ya ku Tsangano sikapirira. Ngati kagalimoto kanu n'kotsika, funsani alamu anu pa foni kuti njira yabwino yofikira pakhomo ndi iti, ndipo pamene pakuoneka poipa akazi anu atsike akuonereni pansi.

Kuchoka pa Ntcheu kupita ku Dedza msewu umakwera mapiri, ndipo mtunda wautali ndi womwewo malire a Malawi ndi Mozambique. Mukamalowera ku Dedza, dzanja lamanzere ndi Angonia. Foni imatha kudumphira pa netiweki ya ku Mozambique osakuuzani, ndiye zimitsani roaming ndi data pamenepo kuti mayunitsi asathe. Malole ochokera ku chipata cha m'malire cha Dedza ndi ambiri, ndipo pamakhota aja musawapitirire mongoganizira. Usiku musayende n'komwe. Mu Juni ndi Julaye nkhungu imatsika pa Lizulu, Masasa mpaka Bembeke moti galimoto ya patsogolo panu simuiona, ndipo m'mbali mwa msewu mumakhala anthu apanjinga opanda nyale.

Pa Lizulu imani ndithu. Ndi likulu la Inkosi ya Makhosi Gomani, mfumu yaikulu ya Angoni a kwa Maseko, komanso msika wake ndi umene umadyetsa matauni athu ndiwo zamasamba. Kachewere, kabichi, karoti, anyezi, nyemba, zonse zili pamenepo, mbali ino ndi mbali ya ku Mozambique. Popita ku Bembeke mungogula zochepa ndi kudya tchipisi chotentha, zambiri mudzagule pobwerera. Ogulitsa adzazinga galimoto mawindo onse, choncho mmodzi atsike akagule, wina atsale ndi zikwama. Chidebe cha mbatata muziona akukhuthulira m'thumba, kuti za pansi zifanane ndi za pamwamba.

Kuzizira kwa ku Dedza inu mukukudziwa, koma thupi lazolowera Blantyre. Boma lenilenilo lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri la Dedza limapitirira 2,000, ndipo ku Bembeke ndi ku Tsangano m'mawa madzi amaluma m'manja. Nyamulani bulangete lanulanu. Makolo adzakupatsani lawo labwino iwo n'kugona ndi chitenje, osakuuzani. Mbaula ya makala musagone nayo m'chipinda chotseka, utsi wake umapha anthu ali m'tulo.

Anzanu aja apatseni masana amodzi, onse pamodzi, malo amodzi. Auzeni tsiku ndi nthawi, amene akufuna kukuonani abwere. Pa Dedza Pottery pamakhala bwino kukhala ndi akazi anu, mungamwe tiyi ndi kugulako kapu ya kunyumba, kapena mungopeza malo odyera pa boma. Chimene ndikukanizani ndi chija choti "tingoonana pang'ono ndi anyamata" madzulo, akazi anu n'kutsala kwa apongozi mpaka pakati pa usiku, inu n'kubwera mutalawa, pa nkhungu, pa msewu wa malole. Mukafuna kumwa galimoto igone. Ndipo akazi anu nawonso ali ndi anzawo ku Ntcheu amene anakula nawo, muwafunse ngati akufuna kuwaona, nthawi yake ipezeke mofanana.

Wina wakulangizani kuti mutsikire ku Mua kudzera ku Khwekhwelere. Malowo ndi abwino zedi. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, ndipo ku Kungoni, kumene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, kuli nyumba yosungiramo za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Koma msewu wa Khwekhwelerewo, wochokera pa Masasa kutsikira ku Golomoti, ndi wotsetsereka, wamakhota okhaokha, wofuna mabuleki abwino ndi dalaivala wodziwa kutsika ndi giya yaing'ono, ndipo kupita ndi kubwera tsiku latha. Pa ulendo uno ndikuti ayi. Ngati mmawa wina mwapeza mpata, zojambula zamakedzana za pamiyala ku Chongoni zili pafupi ndi boma, ndipo UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Tengani adzukulu awiri atatu a pakhomo, ambiri anabadwira pafupi pomwepo koma sanakaoneko.

Pobwerera adzakupatsani zinthu, poti ndi nthawi yoti anthu akolola: chimanga, nyemba, mbatata, mwina nkhuku yamoyo. Musakane, kukana mphatso ya apongozi n'kuwanyoza, koma muuze mayi anu mwakachetechete kuti galimoto ndi yaing'ono. Matumba awiri a makilogalamu 50 kuwonjezera pa inu ndi za pa Lizulu ndi okwanira, mukapitirira apo kagalimoto kadzakhula pansi pa bampu iliyonse. Zotsalazo adzakutumizirani pa basi. Makala musanyamule ngakhale akhale otchipa bwanji, lamulo la zankhalango limaletsa kuyenda nawo opanda chilolezo ndipo pa rodibuloko amalanda. Tsiku lobwereralo tsanzikanani m'mawa, chifukwa kutsanzika kwa kumudzi kumatenga maola awiri, ndipo nsima adzaumirira kuti mudye kaye. Muzikhala mutanyamuka pa Bembeke isanakwane 11 koloko kuti Zalewa mukawoloke kukuwala. Mukafika imbani mbali zonse ziwiri kuti mwafika bwino, inu muimbire apongozi anu, akazi anu aimbire awo.