Kodi "complex" ndi chinthu chovuta?

Mphunzitsi wina wa Chemistry kusekondale walemba kuti: "Ndikamafotokozera ana m'Chichewa za ma complex a zitsulo monga kopa ndi ayironi, ndimati ndi makompaundi ovuta. Mnzanga akuti ndikulakwitsa. Nanga ligand ndiziti chiyani?"

Aphunzitsi, mnzanuyo musamukwiyire, akunena zoona. Munatsegula dikishonale, n'kutola tanthauzo loyamba, n'kuthamanga nalo. Amenewa ndiwo matenda a omasulira a masiku ano. Mwana mukangomuuza kuti chinthu ndi chovuta, mtima wake wachoka kale musanagwire n'komwe choko.

Mawu akuti complex gwero lake ndi Chilatini, ndipo kumeneko amanena za kulukana kapena kukumbatira. N'zimenedi zimachitika: ayoni ya chitsulo (atomu yake imene yataya maelekitironi ena) imakhala pakati, tinthu tina n'kuyizinga. Alfred Werner wa ku Zurich ndiye anazilongosola mu 1893, ndipo mu 1913 anapatsidwa mphoto ya Nobel. Ineyo ndingati "chitsulo chozingidwa", basi.

Ndimakumbukira tili ana asukulu, aphunzitsi athu akudontheza amoniya m'madzi a copper sulfate. Poyamba madziwo anachita ngati kamtambo, kenako kamtamboko kanasungunuka, madziwo n'kusanduka buluu wakuda bii, wokongola zedi. Chinachitika n'chakuti mamolekyu anayi a amoniya anakankha anayi mwa mamolekyu asanu ndi limodzi a madzi amene anazinga kopa. Tonse tinkangoti "buluu, buluu", ngati tilibe pakamwa pathupathu. Agogo anga ankati kubiriwira ponena za tsamba ngakhalenso thambo, koma mawu amenewo lero tawasiyira masamba okha.

Tibwere ku ligand. Nawonso ndi a Chilatini, kuchokera ku ligare, kumanga. Ndiye wina afulumira kunena kuti "chomangira". Ayi. Chomangira ndi chingwe, chimazungulira mtolo wonse. Ligandi siyizungulira, imangogwira pamalo pake. Lembani ligandi, poti ana akakumana nawo pamayeso, koma pofotokoza nenani kuti ndi kogwira chitsulo.

Pamene ndikufuna mutchere khutu ndi pa kachidutswa aka, -ana. Kameneka sikanama: kakafika pa mneni, ndiye kuti mbali zonse ziwiri zikuchita. Kumenyana, kukondana, kusonkherana. Maatomu awiri a hayidulojeni akamagwirana, iliyonse imasonkha elekitironi imodzi, ndipo kusonkherana kumakhala bwino pamenepo. Koma ligandi ikamagwira chitsulo, maelekitironi onse awiri amachokera kwa ligandi, chitsulo chimangopereka malo. Ndamvapo wina akuti "amoniya ndi kopa zikusonkherana", ndipo makutu anga anawawa. Wasonkha ndi mmodzi. Nenani kuti ligandi ikupereka, chitsulo chikulandira.

Pa chelate pokha Chichewa chikuposa Chingelezi. Mawuwo ndi a Chigiriki, amanena za chopanira cha nkhanu, chifukwa ligandi yoteroyo imagwira chitsulo pawiri kapena kuposa apo. Ligandi ina yotchedwa EDTA imatha kugwira pasanu n'pamodzi. Mngelezi mpaka akabwereke kwa Mgiriki, pamene ife tili ndi kupana. Mwana aliyense amene anapanidwapo chala ndi nkhanu adziwa kuti chopanidwa sichipulumuka msanga.

Chimene chingakuvutitseni ndi mawu akuti chitsulo. Timawagwiritsa ntchito pa ayironi, timawagwiritsanso ntchito pa gulu lonse, mpaka mkuwa ndi golide kulowa momwemo. Mukamaphunzitsa za himogulobini, nenani kuti pakati pali ayironi yogwidwa ndi maatomu anayi a nayitirojeni, ndipo okosijeni amadzagwira pomwepo magazi akafika m'mapapo. Mukangoti "m'magazi muli chitsulo", wina kumbuyo adzafunsa ngati maginito ingamukoke. Ine ndinafunsapo, kalasi yonse inafa ndi phwete.