Mwana akungomenya mphepo: kodi kata ili ndi phindu?

Funso: Mwana wanga wazaka 12 akuphunzira karate ya Shotokan. Aphunzitsi ake amangomubwerezetsa kata, akumenya mphepo yekhayekha. Kodi zimenezi zingamuteteze wina atamuputa, kapena ndimusamutse? Mayi wa ku Matawale, Zomba.

Yankho: Mayi, musafulumire kumusamutsa. Kata, mndandanda wa mayendedwe amene munthu amachita yekha, ndi nkhokwe imene aphunzitsi akale a pa chilumba cha Okinawa ku Japan ankasungiramo njira zomenyera ndi zotchingira, ndipo Gichin Funakoshi, amene anayambitsa Shotokan, anafika nazo ku Tokyo mu 1922. Mwa kata 26 za Shotokan, mwana wanu ayenera kuti ali pa Heian Shodan, ya mayendedwe 21, yomwe amakuwa kiai (mfuu yamphamvu) pa nambala 9 ndi 17.

Mumuyang'anitsitse akamachita pakhomo. Poima zenkutsu-dachi (kaimidwe kotsogoza mwendo umodzi), bondo lakutsogolo lipindike mpaka kubisa zala za phazi, mwendo wakumbuyo uwongoke, chidendene chisachoke pansi. Mutu ukamakwera ndi kutsika poyenda, ndiye kuti akuwongola bondo pakati pa sitepe, ndipo mphamvu ikuthawira m'mwamba m'malo mopita kutsogolo. Phazi ndi nkhonya zifikire limodzi, dzanja linalo likokedwe mwamphamvu kubwerera m'chiuno, pakuti kukokako ndiko kumathandiza chiuno kuzungulira. Ana ambiri amagwiranso mpweya, n'chifukwa chake amatopa asanafike pakati. Azitulutsa mpweya pa nkhonya iliyonse. Lembani ndi choko pamene wayambira. Akamaliza ayenera kubwerera pomwepo; akaphonya, masitepe ake sakufanana kutalika.

Komabe nkhawa yanu ndi yomveka. Kata payokha siphunzitsa kuyeza mtunda wa pakati pa iwe ndi mdani, kapena kudziwa nthawi yoloŵera, chifukwa mphepo sibwezera. Zimenezo zimabwera ndi bunkai, pamene ana awiri amatenga kachigawo ka kata n'kukayeserera: wina aponya nkhonya ya kumaso, mnzake atchinga ndi age-uke (kutchinga kokweza mkono m'mwamba) n'kubwezera. Ayambe pang'onopang'ono, kakhumi mbali iliyonse, liwiro liziwonjezeka kutchingako kukakhazikika. Kenako pamabwera kumite, kulimbana kwenikweni koyang'aniridwa.

Choncho kawafunseni aphunzitsiwo mwaulemu kuti bunkai ndi kumite amachititsa liti. Ngati anawo amangoloweza kata kuti alandire lamba wina, osagwirana ndi mnzawo n'komwe, pamenepo mungayambe kufufuza malo ena.