Mafunso ndi Mayankho: Penti ya Galimoto Yanga Yatuwa

Funso: A Mkonzi, ndili ndi galimoto yofiira imene ndakhala nayo zaka 8, ndipo imagona panja chifukwa ndilibe galaja. Chaka chino boneti ndi denga zatuwa, pamene zitseko zikunyezimirabe, ndipo padenga pali malo awiri oyera amene akukanganuka ngati khungu lopsa. Ndimaitsuka mlungu uliwonse ndi sopo wotsukira mbale. Mnzanga akuti ndigule polishi wamphamvu, ndikwechese galimoto yonse ndi makina. Kodi ndimumvere? Ine wowerenga wanu wodandaula.

Yankho: Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Mwachita bwino kufunsa musanagwire makinawo, pakuti galimoto yanu ikudwala matenda awiri osiyana, ndipo mankhwala ochiza amodzi angathe kukulitsa enawo.

Penti ya galimoto zambiri zamasiku ano imakhala yosanjikiza katatu. Pansi pali pulaima imene imagwira chitsulo ndi kuchiteteza ku dzimbiri, pakati pali mtundu weniweniwo, ndipo pamwamba pali kagawo koonekera ngati galasi, kamene opopera penti amakatchula kuti clear coat. Kagawo kameneka ndi kamene kamanyezimira, komanso ndi kamene kamatchinga mtundu kuti dzuwa lisausulutse. Zonse zitatu pamodzi zimangochindikala pafupifupi mamilimita 0.1, ngati pepala limodzi lolembapo, ndipo kagawo ka pamwambako sikafika ngakhale theka la pamenepo. Polishi sawonjezera kanthu pa penti: amapala pamwamba pake pang'onopang'ono mpaka pasalale, ndipo zimene wapalazo sizibwereranso. N'chifukwa chake ndimada nkhawa ndikaona munthu akupolisha galimoto ndi makina mwezi ndi mwezi, ali wokondwa kuti akuisamalira.

Boneti yanu ili ndi chiyembekezo. Yatuwa msanga limodzi ndi denga chifukwa ndi mbali zimene dzuwa limaomba mwachindunji tsiku lonse. Ithireni madzi muone: ngati mtundu ukubwerera ndi kuwala pamene yanyowa, ndiye kuti pamwamba pokha ndi pamene pafa. Itsukeni bwino, iume, kenako musankhe kamalo kofanana ndi chikhatho chanu, muyesepo polishi wofewa kwambiri ndi kansalu koyera. Ngati kamaloko kawala, pitirizani ndi polishi yemweyo, ndipo wamphamvu uja mumukumbukire pokhapokha wofewayo atalephera. Kansalu kakatuluka kofiira, mwina penti yanu ndi ya mtundu umene ulibe kagawo koonekera, ndipo penti yotero imabwerera bwino ikapolishidwa. Koma mwinanso kagawoko kanatha kale pamalopo, choncho muime kaye mpaka wodziwa ntchitoyi aone. Zokalika muziyese ndi chikhadabo: chikamadutsa osakodwa, polishi akhoza kuzifafaniza, koma chikakodwa ndiye kuti zalowa pansi, ndipo zikufuna kudonthezedwa penti dzimbiri lisanayambe. Ngati simunagwirepo makina opolishira, gwiritsani ntchito manja, chifukwa makina amatenthetsa penti, ndipo m'mphepete mwa boneti, momwe penti imakhala yopyapyala, amaboola m'kanthawi kochepa kwambiri.

Za denga ndikuuzani mosabisa. Malo oyera okanganukawo akusonyeza kuti kagawo ka pamwamba kalekana ndi mtundu wa pansi pake, ndipo palibe polishi kapena phula lotetezera penti (wax) limene lingakamatenso. Mukapakwecha ndi makina mudzangokulitsa balalo. Denga lonse liyenera kupalidwa ndi kupoperedwanso, ndipo ndi bwino kutero chitsulo chisanaonekere.

Sopo wotsukira mbale mumusiye lero lomwe. Anapangidwa kuti azisungunula mafuta, motero amachotsanso phula lililonse lotetezera penti, n'kuisiya pamtetete. Gulani shampu ya galimoto, muzitsukira pamthunzi chitsulo chili chozizira. Yambani ndi kuthira madzi ambiri kuti mchenga utsike wokha, ndipo mukhale ndi ndowa ziwiri, ina ya thovu, ina ya madzi oyera otsukuluzira nsalu musanaibwezere m'thovu. Muziyambira padenga n'kumatsika, matayala akhale ndi nsalu yawoyawo. Timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude, timene timaoneka galimoto ikaima padzuwa, timabwera ndi mchenga wotsalira m'nsalu, makamaka munthu akamapukuta fumbi pouma.

Mukatha kupolisha, pakani phula tsiku lomwelo, lija pa zitini amalilemba kuti wax. La carnauba, lochokera ku masamba a mtengo wina wa kanjedza wa ku Brazil, limawalitsa mokongola koma limatha pa miyezi iwiri kapena itatu; lopangidwa ku fakitale limakhalitsa kuposa pamenepo. Madzi akasiya kupanga timadontho tozungulira pa boneti, n'kumangoyala, dziwani kuti phula latha. Pali chotetezera china chotchedwa ceramic coating chimene chimatha zaka, koma chimafuna penti yokonzedwa kale bwino, popeza chimatsekera pansi pake chilema chilichonse chimene chachipeza, ndiponso sichiletsa timiyala ta pamsewu kugamphula penti.

Popeza galimotoyo imagona panja, samalani ndi zitosi za mbalame ndi utomoni wa mitengo, zimene zimadya penti msanga chitsulo chikatentha. Musazikande zitauma. Yalanipo nsalu yonyowa kwa mphindi zingapo kuti zifewe, kenako muzinyamule osakhula. Chofunda cha galimoto chimathandiza, malinga muzichivundikira pa galimoto yotsukidwa bwino, chifukwa mphepo ikamachikupiza pa fumbi chimasanduka sandipepa.

Funso: Galimoto yanga yangopoperedwa penti yatsopano mlungu watha. Kodi ndingapake phula tsopano?

Yankho: Dikirani kaye. Penti yatsopano imaoneka youma pamwamba pamene mkati ikutulutsabe mankhwala amene anaisungunulira, ndipo phula likatseka msanga imachedwa kulimba. Opanga penti ambiri amalangiza kudikira masiku 30 mpaka 90, koma funsani amene anakupoperaniyo akuuzeni nthawi yoyenera penti imene anagwiritsa ntchito. Pakadali pano muziitsuka ndi madzi ambiri ndi nsalu yofewa, ndipo musaivundikire chofunda.