Funsani Amalume: Ejenti akuti ndilowe ndi viza ya tourist ndikaphunzitse Chizungu

Amalume, ndine mtsikana wa zaka 27, ndili ndi digiri ya zauphunzitsi ndipo pano ndikuphunzitsa Chizungu pa pulaiveti ina koma salale yake pofika pa 10 imakhala yatha kalekale. Nde pali bambo wina ndinamupeza pa Facebook akuti ndi ejenti, akuti ndimupatse K900,000 andipezere sukulu ku South Korea kapena ku China, ndilowe kaye ndi viza ya tourist zinazo tikakonzera konko. Mayi akufuna agulitse kapuloti kawo kuti andithandize. Nditani?
Mphunzitsi wotopa, Lilongwe

Mphwanga, uwauze mayi pulotiyo aisiye kaye. Bamboyo wadziulula yekha pa zomwe wakuuzazo.

Tiyambe ndi Korea. Viza ya aphunzitsi a zilankhulo kumeneko amaitchula E-2 ndipo kwa ophunzitsa Chizungu mayiko omwe amawawerengera ndi America, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Malawi mulibe. Ngakhale abale athu a ku Joni omwe ali ndi pemiti siziwathandiza, amafuna pasipoti yeniyeni ya kumeneko. Zimandinyansa ndithu poti ena mwa ife timathyola Chizungu mpaka eniake kumvetsera, koma lamulo lawo ndi limenelo, nde munthu wokulonjeza Korea mwina sakudziwa ntchito yake kapena akudziwa bwinobwino chomwe akukuchita.

Ku China viza ya ntchito ndi Z ndipo suyamba ndiwe, imayamba ndi sukulu. Sukulu ikakulemba imakakupemphera chilolezo ku boma lawo, imakutumizira kalata, kalatayo ndi yomwe umapita nayo ku embase ku Lilongwe, ukafika ku China uli ndi masiku 30 oti usinthe vizayo ikhale residence permit. Amafuna digiri, police clearance, zoyezetsa kuchipatala, komanso satifiketi ya TEFL (kosi yophunzitsira Chizungu kwa anthu a zilankhulo zina) kapena zaka ziwiri zophunzitsa, ndipo nakonso pa Chizungu amakondera mayiko omwe aja. Chiyambire 2021 pomwe boma lawo linapanikiza masukulu a pateni ntchito zambiri zinatha. Ya tourist ija ndi L, ukagwidwa uli kutsogolo kwa kalasi ndi imeneyo ndi faindi, mwina kutsekeredwa, kenako kukukweza ndege, ndipo choipitsitsa abwana amadziwa kuti sungakadandaule kulikonse nde akafuna kukudula malipiro amangodula basi.

Ine ndikanakhala iwe maso ndikanaloza ku Japan. Kumeneko lamulo la viza silikhala ndi mndandanda wa mapasipoti ngati ku Korea, nchifukwa chake anthu a ku Philippines ndi Jamaica adzaza mmasukulu awo. Kampani kapena sukulu ikakutenga imakupemphera chikalata chotchedwa Certificate of Eligibility ku imigireshoni yawo, chimatenga mwezi mpaka miyezi itatu, chikabwera umapita nacho ku embase ya Japan ku Lilongwe. Koma tamvera apa: ambiri olemba ntchito amafuna umboni woti unaphunzira mu Chizungu zaka 12. Inu a msinkhu wanuwu Chizungu chophunzirira chinkayamba sitandade 5, nde werenga, zaka zinayi ku pulaimale, zinayi ku sekondale, zinayi ku yunivesite, zakwana 12 ndendende popanda chenji. Choncho yamba pano kuyenda mmasukulu ako akale akulembere makalata okhala ndi chidindo onena kuti maphunziro ankachitika mu Chizungu, ndipo ukudziwa mmene zimakhalira, a hedi apita ku maliro, chidindo chili mu diro kiyi ali ndi a hedi omwewo, nde usadikire mpaka kampani ikufunse.

Thailand nayonso imalemba anthu ngati ife, viza yake ndi Non-Immigrant B kuphatikiza work permit, kungoti amafuna ulembe mayeso a Chizungu ngati TOEIC ndipo malipiro a omwe sachokera mmayiko aja amakhala otsikirapo, usapite ukuganiza kuti chaka choyamba umanga nyumba ya malata kumudzi.

Ndalama zoti uwononge zilipo inde: pasipoti, kudinda zala kupolisi, kudinditsa digiri, TEFL ya maola 120, tikiti. Zonsezi umalipira wekha pa ofesi yake nkulandira lisiti. Bambo wa pa Facebook uja mufunse dzina la sukuluyo, kontirakiti yosainidwa ndi nambala ya ofesi yawo kuti uimbe wekha, kenako undilembere zomwe wayankha, ngati sakhala atakubloka.
Amalume