Kwa achimwene ofuna kulowa kalabu yowombera pistoli

Achimwene, mwafunsa kuti muyambire pati, mugule kaye mfuti kapena mulembetse kaye ku kalabu. Ine ndikuti ndalamazo zisungeni, mfuti imabwera kumapeto. Pitani tsiku limene anthu amakumana ku renji, malo owomberako, mukapeze range officer, woyang'anira chitetezo pamalopo, n'kumuuza poyera kuti simunagwirepo pistoli. Musachite manyazi, iwo amakonda munthu wotero kuposa uja wofika n'kumati ine ndinakulira ku Mfuwe mfuti ndimaidziwa, pomwe kusaka nyama m'thengo ndi masewerawa n'zosiyana kutali.

Za mapepala musazitenge mopepuka. Muno mu Zambia lamulo lake ndi Firearms Act, Cap 110, ndipo kupezeka ndi mfuti kapena zipolopolo opanda laisensi ndi mlandu, olo munene kuti ndi za masewera chabe. Apolisi amatenga zidindo za zala n'kufufuza mbiri yanu, sizitheka tsiku limodzi ayi, ndiye kafunseni nokha ku Chipata Central osati kwa anyamata olonjeza shotikati. Komanso laisensiyo imathera pa boda ya Mwami, musadzaiwale mfuti m'galimoto popita ku Mchinji.

Manje pa renji chimene adzakuumirizani kwambiri ndi malamulo anayi aja amene anafalitsa Jeff Cooper, yemwenso anali pulezidenti woyamba wa IPSC, bungwe la padziko lonse la mipikisano yowombera, litakhazikitsidwa mu 1976: mfuti iliyonse muziiona ngati ili ndi chipolopolo, musailozetse pa chinthu chimene simukufuna kuwononga, chala chisakhudze thiriga mpaka mutalunjika pa chandamale, ndipo muzidziwa zimene zili kuseri kwa chandamalecho. Pa mpikisano wa IPSC mukangotembenuza mfuti kuloza kumbuyo kumene kuli anthu basi mwatuluka, olo mukhale bwana wamkulu bwanji.

Yambani ndi pistoli ya .22, ya zipolopolo zazing'ono, siikankha dzanja kwambiri ndipo zipolopolo zake n'zotchipa poyerekeza ndi za 9mm. Ena amainyoza ati ndi ya ana, koma amene amathamangira 9mm ndi omwe amayamba kachizolowezi kogwedera mfuti isanalire, munthu amatsinzina n'kukankhira mfuti pansi asakudziwa, mukaona pepala lake la chandamale mabowo onse ali m'munsi chakumanzere ngati ndi wa dzanja lamanja, ndiye amayamba kunena kuti mfuti ndi yopindika. Mankhwala ake ndi kuyeserera mfuti ilibe chipolopolo. Mphunzitsi akaichotsa magazini, mokhala zipolopolo, n'kutsimikiza kuti m'kati mulibe kanthu, amaika kakoini ka 50 ngwee pamwamba pake chakutsogolo, inu muzikoka thiriga pang'onopang'ono koini osagwa. Zimatopetsa koma luso lonse lagona pamenepo, maso pa saiti yakutsogolo, kachitsulo kolunjikira kali kunsonga kwa mfuti, chandamale chizioneka mwachimbuuzi, zilibe kanthu.

Muganizirenso mtundu wa masewera amene mukufuna. Kuli wa ku Olympics woima malo amodzi, monga air pistol (pistoli yowombera ndi mpweya) ya mamita 10, mfuti kudzanja limodzi, wofuna munthu wodekha. Ndiye kuli IPSC yothamanga uku ukuwombera, mapointi amagawidwa ndi nthawi imene watenga, ndiye kulunjika kokha sikukwanira. Achinyamata ambiri amakopeka ndi yachiwiriyi, koma kwa ine woyamba kumene aphunzire kaye ataima.

Tsiku loyamba tengani chiphaso chanu cha NRC, zotseka m'makutu ndi magalasi oteteza maso, phokoso la mfuti limagonthetsa ndipo makutu akawonongeka sabwerera. Valani kapu, nsapato zotseka ndi malaya otseka pakhosi olo kutenthe ngati mu Okutobala, chifukwa kachitsulo kotsala ka chipolopolo kotuluka mu mfuti kamakhala kamoto, kakalowa m'malaya munthu amavina mfuti ili m'manja, ngozi yake ndi imeneyo. Mowa ayi, olo botolo limodzi. Musanalipire umembala funsani ngati ali ndi mfuti zobwereketsa kwa ophunzira komanso ngati zipolopolo mumagula pomwepo, chifukwa ndalama zambiri zimathera pa zipolopolo.